Malangizo a blackleg ochokera ku minda ya canola: titengepo ziti ku dimba la ku Nsaru?

Zambiri zolembedwa pa matenda a blackleg zimachokera ku Canada ndi ku Australia, komwe canola amalimidwa pa minda ikuluikulu pofuna mafuta. Canola ndi repu wathu wa ndiwo ndi mtundu umodzi, Brassica napus, ndipo mpiru, kabichi ndi chayinizi ndi a banja lomweli. Choncho malangizowa akutikhudza. Vuto ndi lakuti pofika ku madimba a Nsaru, Kabudula ndi Namitete amakhala atafupikitsidwa n'kutsala mawu amodzi okha: poperani mankhwala. Ili ndi gawo lomwe lingamuthandize pang'ono kwambiri mlimi wa dimba.

Blackleg amayamba ndi fangasi wotchedwa Leptosphaeria maculans. Pa tsamba pamaoneka banga lotuwa lokhala ndi timadontho takuda mkati. Fangasiyu amatsika ndi mtsempha wa tsamba mpaka m'thunthu, ndipo thunthulo limawuma ndi kuda cha m'munsi, mbewu n'kufota kapena kugwa. Amafala ndi njere, ndiponso amakhala m'zitsa zakale kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Cholakwika choyamba ndi kutchula matenda tisanawazindikire. Matenda ovuta kwambiri pa ndiwo za banjali m'madera ofunda ndi black rot, omwe amayamba ndi bakiteriya wa Xanthomonas campestris. Iwo amayambira m'mphepete mwa tsamba, banga lake ndi lachikasu looneka ngati chilembo cha V, ndipo mitsempha imada. Dithane ndi mankhwala olimbana ndi fangasi, sachiza black rot. Mlangizi amene wamva dzina la blackleg n'kulamula kupopera asanatembenuze tsamba wamuonongetsa mlimi ndalama. Ngati pali chikayiko, zulani mbewu yonse ndi mizu yomwe, muyike m'pepala, muyitumize ku Chitedze kuti akayiyeze.

Chachiwiri, ngakhale atakhaladi blackleg, Dithane amangoteteza kunja kwa tsamba. Fangasi akalowa m'thunthu mankhwalawa samupeza. Komanso mlimi wa canola amakolola kamodzi, patatha miyezi chipoperere. Repu amathyoledwa sabata iliyonse, ndiye masiku odikira olembedwa pa paketi ya mankhwala ndi ovuta kuwasunga. Amene amadya zotsalira za mankhwalawo ndi ogula pa msika wa Nsaru ndi ana a mlimi yemweyo.

Chachitatu, malangizo a ku Australia amati munda watsopano utalikirane ndi zitsa za chaka chatha ndi mamita 500. Kumeneko n'zomveka, chifukwa mphepo imanyamula fangasi kuchokera m'zitsa. M'dambo momwe madimba ali mogundizana, palibe mlimi angakwanitse mtunda umenewu payekha. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti kuzula zitsa ndi ntchito ya onse olima m'dambomo, ndipo alimi otsogolera ayenera kugwirizanitsa anzawo tsiku limodzi lozula.

Nkhani ya mbewu zopirira nayonso tiziyinena mosamala. Ku Australia mtundu wa canola wotchedwa Surpass 400 udatulutsidwa m'chaka cha 2000 ngati wosagwidwa ndi blackleg. Pofika 2003, kudera la Eyre Peninsula, fangasi anali atawugonjetsa ndipo alimi ena adataya pafupifupi zokolola zonse. Ankabzala mtundu womwewo chaka ndi chaka pafupi ndi zitsa zake. N'zoona kuti mpiru, Brassica juncea, umapirira blackleg kuposa repu, koma kubzala mpiru pomwe pachoka repu si kasinthasintha wa mbewu, poti banja ndi limodzi.

Pali mbali zitatu za malangizo akunjawa zomwe zikugwirizana ndi dimba, ndipo sizifuna ndalama zambiri.

Yoyamba ndi njere. Alimi ambiri amasunga njere za mpiru kuchokera ku mbewu zotsala kumapeto, zomwe nthawi zambiri ndi zomwe zakhalitsa ndi matenda. Sankhani mbewu zathanzi zoti zipereke njere kuyambira pachiyambi. Njere zosunga nokha zikhoza kuviikidwa m'madzi otentha madigiri 50: mphindi 25 za kabichi, 20 za chayinizi, 15 za mpiru, kenako m'madzi ozizira ndi kuziyanika pa mthunzi. Njirayi imachepetsa blackleg ndi black rot yemwe. Imafuna choyezera kutentha, chifukwa madzi akapyola muyezo njere zimafa. Yambani mwayesa pa njere zochepa, ndipo musaviike njere zogula zomwe zidathiridwa kale mankhwala.

Yachiwiri ndi zitsa. Ulimi wa mleranthaka umatiphunzitsa kusiya mapesi m'munda, ndipo pa chimanga n'zoyenera. Zitsa za repu ndi kabichi zisalowe m'lamulo limeneli. Zizulidwe mukangomaliza kukolola, ziwotchedwe kapena zikwiriridwe mozama kutali ndi nazale, osaziponya mu kompositi kapena m'chitsime chothiririra.

Yachitatu ndi malo. Bedi lomwe munali ndiwo za banjali lipume zaka zitatu, mubzalemo anyezi, nyemba, chimanga kapena tomato. Nazale izikhala pa malo atsopano, ndipo mbande yokhala ndi banga isawokeredwe. Pothirira ndi keni, madzi apite pansi osati pa masamba, chifukwa madontho odumpha ndiwo amasamutsa matenda onse awiri kuchoka pa mbewu ina kupita pa inzake.

Alangizi, mlimi akabwera ndi tsamba lodwala, musanatchule mankhwala mufunseni mafunso atatu: njere adazitenga kuti, pa bediyo panali chiyani chaka chatha, ndipo zitsa zakale zili kuti.