Kamala Das ndi Mawu a Mayi wa Pakhomo

Kamala Das anabadwa m'chaka cha 1934 m'mudzi wa Punnayurkulam, m'chigawo chomwe lero chimatchedwa Kerala, kumwera kwa dziko la India. Chiyankhulo cha kumeneko ndi Malayalam. Iye anakulira m'banja la alembi. Mayi ake, a Balamani Amma, anali mlakatuli wodziwika, ndipo amalume a mayi akewo, a Nalapat Narayana Menon, ndiwo anamasulira buku la Victor Hugo lotchedwa Les Misérables m'chiyankhulo cha Malayalam. Komabe, monga mwa mwambo wa nthawiyo, Kamala anakwatiwa ali ndi zaka 15 zokha. Zolemba zake zambiri zinachokera m'moyo wa m'banja umenewu.

Luso la mlembiyu limaonekera bwino m'nthano yake yaifupi yotchedwa Neypayasam, dzina la phala la mpunga lotsekemera. Nthanoyi ikuyamba bambo wina akubwerera kunyumba atatentha mtembo wa mkazi wake monga mwa chikhulupiriro cha Ahindu. Ana ake atatu sakudziwa kuti mayi awo amwalira. M'khitchini bamboyo apeza chakudya chimene malemuwo anaphika asanagwe mwadzidzidzi. Poyamba aganiza zochitaya, koma kenaka alola anawo kudya phalalo, podziwa kuti sadzalawanso chophika cha mayi awo.

M'nthanoyi mulibe mfuu ya maliro ngakhale ulaliki. Chisoni chonse mlembi wachisenzetsa mbale ya phala, yomwe ndi chiphiphiritso cha ntchito ya mayi imene anthu saiwerengera iye ali moyo. Pajatu akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Wophunzira wa ku Chiosya m'boma la Mchinji, amene amaona mayi ake akuchoka kumunda wa mtedza n'kukafikira pamoto, sangavutike kumvetsa mfundoyi ngakhale sanapondeko ku India.

Kamala ankalemba m'ziyankhulo ziwiri. Nthano zake za m'Malayalam ankazisindikiza m'dzina lakuti Madhavikutty, pamene ndakatulo zambiri ankazilemba m'Chingerezi, kuyambira ndi buku la Summer in Calcutta la mu 1965. Mbiri ya moyo wake inatuluka m'Malayalam mu 1973 ndi mutu wakuti Ente Katha, ndipo mu 1976 iye mwini anaitulutsa m'Chingerezi ndi mutu wakuti My Story. Potero sanadikire mlendo kuti amuyankhulire kwa anthu akunja. Kuno kwathu zinali zosiyana, chifukwa buku la Samuel Ntara lotchedwa Nthondo linafika kwa owerenga Chingerezi mu 1934 kudzera mwa m'mishonale T. Cullen Young.

Mbiriyo inautsa mapiri pachigwa. Mlembiyu anafotokoza mosapsatira mawu za ukwati wopanda chikondi ndiponso zilakolako za mkazi, nkhani zimene ambiri ankati n'zosayenera kutuluka m'kamwa mwa mayi wapabanja. Apa ndi pamene pali mphamvu ya bukuli, komanso kufooka kwake. Pambuyo pake iye anavomera kuti zina mwa zimene analembamo zinali zopeka. Choncho woliwerenga ayenera kulitenga ngati ntchito ya luso, osati umboni wa pabwalo la milandu. Ngakhale m'ndakatulo zake, mutu wa chikondi chosakhutitsa umabwerezedwa kwambiri kotero kuti zina zimamveka zofanana.

Mu 1999 analowa Chisilamu natenga dzina lakuti Kamala Surayya, ndipo anamwalira mu 2009 mumzinda wa Pune. Chuma chimene anasiyira alembi aakazi ndicho kulimba mtima polemba zimene mayi amaziona ndi kuzimva pakhomo pake. Msungwana wofuna kulemba m'Chichewa asaganize kuti nkhani yabwino ili kutali. Mtondo, dambwe la ndiwo za dzulo lomwe latsala mumphika, ndi chete wa mayi wotopa madzulo, zonsezi n'zokwanira kubala nthano yogwira mtima.