Liu Loti "Monogalafu": Kodi Tikulimva?

Pali liu limene lafala pakati pa ophunzira, makamaka a chaka chomaliza, loti monogalafu. Aliyense amene wasoka pamodzi masamba makumi asanu akuti walemba monogalafu. Kunena zoona, ambiri akuliponya pamene silikuyenera.

Liuli lidachokera ku Chigiriki: monos ndiye kuti "chimodzi", graphein ndiye kuti "kulemba". Tsono monogalafu ndi buku lofukula nkhani imodzi yokha mpaka pa mizu yake. Munda umachepa kuti khasu lizame. Ena amamasulira kuti "kafukufuku wozama", koma mau aŵa atenga theka lokha. Asiya "chimodzi" chija, chimene chili mutu wa nkhani.

Taonani Landeg White m'buku lake la Magomero (1987). Iye sadalembe mbiri ya Malaŵi yense. Adakhala pa mudzi umodzi wa ku Chiradzulu nautsata kuyambira 1859 mpaka 1985. Komabe m'mudzi umodziwo woŵerenga apeza amishoni a Bishopu Mackenzie a 1861, thangata la pa esiteti ya Bruce, ndiponso kuukira kwa John Chilembwe kwa 1915. J. Clyde Mitchell naye, mu The Yao Village (1956), adagwira funso limodzi: kodi mudzi wa Chiyao umamangika bwanji, nanga umagaŵanika bwanji?

Anzathu ena amasankha mutu wonga "Njanji za m'Malaŵi", nathamanga kuchokera ku Nsanje mpaka ku Mchinji m'masamba ochepa. Akulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Bwanji osatenga Nkaya yokha, m'boma la Balaka limene lidapatuka ku Machinga mu 1998? Pamenepa mpamene njanji yopita ku Nayuchi ndi ku doko la Nacala idayambira mu 1970. Nkhondo ya ku Mozambique idaidula njirayo m'zaka za m'ma 1980, ndipo pofika 2017 sitima za malasha zochokera ku Moatize zinali kudutsa pomwepo. Nanga amene minda yao idadyedwa ndi njanji adapita kuti? Amai ogulitsa zakudya pa siteshoni adapeza chiyani? Mafunso otere ndiwo amabala monogalafu.

Chodandaulitsa pa mabuku aŵiri aja nchakuti onse ali m'Chingerezi, kotero kuti eni midzi ambiri sangaŵerenge zimene adanenedwa. Wofufuza za Nkaya adzachita bwino kulemba m'chilankhulo choti a pa Nkaya athe kumutsutsa.