MLANDU WA ZODZOLA ZA PAMSIKA

Masiku ano palibe msika, ungakhale waung'ono wa pansi pa mtengo, wopanda munthu woyala mabotolo ndi timachubu ta zodzola. Kale amayi athu anali ndi nsupa imodzi ya mafuta a nsatsi, ndipo inawakwanira. Lero mtsikana aima pa mphasa ya wogulitsa, ndalama zochepa zili m'dzanja, nasowa chosankha chifukwa cha kuchuluka kwa zinthu. Ndifuna kuweruza mlandu wa zodzola zimenezi pamaso panu, koma poyamba ndikuuzeni chimene chinandiutsa.

Tsiku lina anafika kwathu mwana wa mlongo wanga, amene akhala ku tauni. Pomuona ndinadzidzimuka, pakuti nkhope yake inali yofiira ngati papaya wakupsa, koma zala, zigongono ndi mapazi zinali zakuda monga anabadwira, ndipo pa masaya onse awiri panali mawanga akuda bii. Ndinamfunsa kuti, "Mwanangu, wapsa ndi chiyani?" Iye anazolika nati, "Azakhali, ndi mafuta amene anzanga anati ayeretsa. Ndikaleka kudzola, nkhope iyabwa ndi kutuluka ziphuphu." Ananditulutsira kachubu kopanda dzina la wopanga, kamene anakhala akugula chaka ndi theka. Usiku umenewo sindinagone tulo.

Chotero ndinapangana ndi mwana wanga wamkazi ndi mnansi wathu, kuti tigule zodzola zotsika mtengo za pamsika wathu, tiziyese kuyambira mwezi wa Juni, pamene mwera uumitsa khungu, kufikira Okutobala, pamene thukuta liyenderera. Chinthu chilichonse tinachifunsa mafunso atatu. Kodi chichita chimene chilonjeza? Kodi chipweteka thupi? Kodi chiyenera ndalama imene tachigulira? Mafuta oyeretsa okha sitinawayese pa matupi athu, pakuti umboni wake unali utakhala kale pakhonde panga.

Tinayamba ndi sopo. Ambiri a ife tisamba ndi sopo yemweyo amene tichapira zovala, poganiza kuti tipulumutsa ndalama. Mnansi wanga anachita chomwecho sabata ziwiri, ndipo nkhope yake inatuwa mbuu, niyamba kuyabwa. Chifukwa chake nchakuti sopo wochapira ali ndi mphamvu yosungunula mafuta a m'nsalu, ndipo asungunulanso mafuta amene khungu lidzipangira lokha kuti lisaume. Sopo wosambira wamba, wopanda fungo lamphamvu, anaposa onse. Kusamba kumaso kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi madzi ofunda pang'ono, nkokwanira. Chinkhupule ndi mwala zisiyireni msana ndi mapazi. Nkhope ifuna dzanja lokha.

Chachiwiri ndi mafuta olimba aja a Vaseline ndi ena ofanana nawo. Munthu wa ku America, Robert Chesebrough, ndiye anawayenga kuchokera ku phula lomata pa zitsulo za m'zitsime za mafuta a galimoto, nalandira chikalata cha umwini wake m'chaka cha 1872. Ntchito yake ndi imodzi yokha: atseka khungu monga chivundikiro pa mphika, kuti madzi asatulukemo. Pa okha sapatsa khungu madzi. Nchifukwa chake wodzola pa thupi louma angonyezimira kanthawi, koma wodzola atangosamba, thupi likali lonyowa, akhala wosalala tsiku lonse. Pa milomo yong'ambika ndi pa ming'alu ya kuzidendene sitinapeze chowaposa. Mnansi wanga anapaka usiku uliwonse, navala sokosi pogona, ndipo mwezi usanathe anayenda bwino. Cholakwa chake nchakuti nthawi yotentha alemera pankhope, nakoka fumbi la pamsewu. Ndiwayamikira pa thupi ndi pa mapazi. Pankhope, pang'ono pokha. Koma ngati anunkha parafini, abwezeni, pakuti amenewo sanayengedwe bwino.

Chachitatu ndi glycerine, madzi onanda aja a m'kabotolo kakang'ono. Iye achita zosiyana ndi Vaseline, pakuti akoka madzi ndi kuwasunga pakhungu. Mwana wanga anamdzola yekha wosasakaniza, ndipo manja anamata ngati wagwira uchi. Titathira madontho ochepa m'madzi a pachikhato, kapena m'mafuta odzola amadzimadzi, anachita bwino ndithu. Kabotolo kamodzi katha miyezi, ndipo ndinena kuti mwa zonse tinagula, ameneyu ndiye anabweza ndalama yake mokwanira.

Sitinaiwale mafuta a makolo. Mayi wina wachikulire wa m'mudzi mwathu anatikazingira nsatsi, nazisinja, naziphika m'madzi, nayengula mafuta oyandama pamwamba, monga anachitira amayi ake. Achinyamata ati tsobola wakale sawawa, koma mafuta amenewa anafewetsa miyendo ndi zigongono mofanana ndi a m'sitolo, osalipira kanthu. Ali olemera, ndipo fungo lake la utsi silikondweretsa onse. Chenjezo ndi ili: njere za nsatsi zili ndi ululu woopsa umene utsalira m'zotsalira zake, tsono zisungeni kutali ndi ana ndi ziweto.

Tsono tifike pa zokometsera nkhope. Sinditsutsa mkazi wofuna kuoneka bwino pa ukwati kapena pa ulendo, pakuti agogo athu omwe anali ndi mikanda ndi mphini zao. Koma paudala wotsika mtengo anandikhumudwitsa. Mitundu imene tinaipeza inali yoyera, yopangira anthu a khungu lina, ndipo mwana wanga atapaka anaoneka ngati wachokera kuchigayo. Paudala woyenera ndi amene, mukapaka m'mbali mwa nsagwada muli panja pa kuwala, saoneka kuti mwapaka kanthu. Ngati mulibe wotere, kusapaka kuposa. Zopaka pamilomo zina zinali zabwino, makamaka zofiirira; koma zinasungunuka m'thumba mwezi wa Okutobala, ndipo chimodzi chinanunkha ngati mafuta ovunda, nititaya. Pensulo ya nsidze inagwira ntchito bwino, ndipo ikhalitsa. Koma chilichonse chofika pa diso musabwerekane, pakuti nthenda ya maso ofiira iyenda m'njira imeneyo. Ndipo chopaka pa nsidze za m'zikope chamadzimadzi chitayeni pakapita miyezi 3 chitsegulire. Zonsezi zichotseni musanagone, chifukwa kugona nazo ndiko kuitana ziphuphu.

Tsopano mlandu waukulu, wa mafuta oyeretsa. Mabotolo ake ndiwo okongola koposa pa mphasa yonse, ndipo pamenepo ndikumbukira mawu a akulu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zake ndi zitatu.

Yoyamba ndi hydroquinone, mankhwala oletsa khungu kupanga melanin, chinthu chimene chitipatsa kuda kwathu. Poyamba munthu ayeradi, nakondwa. Koma akadzola nthawi yaitali, ndi kuyenda pa dzuwa, pamatuluka mawanga akuda oposa khungu lake lakale, amene asing'anga atcha ochronosis, ndipo kawirikawiri sachoka konse. Madokotala a ku South Africa analongosola nthenda imeneyi mwa akazi odzola mafuta otere m'chaka cha 1975, ndipo dziko limenelo linaletsa hydroquinone m'zodzola m'chaka cha 1990. Maiko a ku Ulaya anachita chimodzimodzi m'chaka cha 2001, Côte d'Ivoire mu 2015, Ghana mu 2017, ndipo Rwanda inayamba kulanda mafuta otere m'masitolo kumapeto kwa 2018.

Yachiwiri ndi mercury, chitsulo chamadzi chija chonyezimira chimene chinali m'zoyezera kutentha kwa thupi zakale. Chilowa m'magazi kudzera pakhungu, nichiononga impso ndi mitsempha, nichifika ngakhale kwa mwana wa m'mimba ndi woyamwa. A m'nyumba amene sanadzolepo achilandira pa chopukutira ndi pa zofunda. Kuopsa kwake kunadziwika kwambiri ku Minamata, m'dziko la Japan, kumene m'chaka cha 1956 anthu anapezeka akudwala ndi kupuwala chifukwa cha kudya nsomba za m'madzi otayiramo mercury. Pangano la maiko lotchedwa ndi dzina la mudzi umenewo linapangidwa mu 2013. Linaletsa zodzola zokhala ndi mercury woposa gawo 1 mwa magawo 1,000,000, ndipo mu 2023 maiko anagwirizana kuti pakutha pa 2025 zodzola zothiridwa mercury zilekeke zonse. Koma lamulo silifika msanga pa mphasa ya wogulitsa. Mukaona pa botolo kapena pa sopo mawu akuti mercury, mercurous chloride kapena calomel, musagule.

Yachitatu ndi mankhwala a chipatala otchedwa steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Amenewa ndi abwino m'dzanja la dokotala, pa nthenda ina ya khungu, kwa masiku owerengeka. Koma odzola miyezi yambiri khungu lao lipyapyala mpaka mitsempha kuonekera, mizere ituluka m'manja ndi m'ntchafu, chipere ndi ziphuphu zichuluka, chilonda sichipola msanga, ndipo ena adwala nthenda ya shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kuipa kwake kwina nkwakuti amanga munthu ukapolo: akaleka mwadzidzidzi, nkhope itupa ndi kuyabwa, nabwerera kukagula kachubu kena. Umo ndimo anakodwera mwana wa mlongo wanga. Tinapita naye kuchipatala, ndipo anamlangiza kuleka pang'onopang'ono. Lero kuyabwa kunatha, mtundu wake unabwerera, koma mawanga a pa masaya alipobe.

Anthu aseka akazi otere, nati nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Ine sindiseka nao. Mtsikana sanadzipangire yekha maganizo akuti kuyera ndiko kukongola. Anawamva kwa anyamata oyamikira oyera okha, kwa ife akulu ponena kuti mwana wakuti ngwokongola chifukwa ngwofiira, ndi pa zithunzi za pa mabotolo. Mlandu wa opanga ndi waukulu, pakuti ambiri alemba zam'kati m'zilankhulo zimene wogula wa kumudzi sawerenga, ena salemba konse. Koma mlandu wa malilime athu suchepa. Kuda kumene tikunyozako ndiko chishango chathu pa dzuwa. Funsani abale athu achialubino, amene khungu lao lilibe melanin wokwanira, za zilonda ndi khansa ya pakhungu imene dzuwa liwatengera. Iwo afunika chipewa chachikulu, zovala za manja aatali, ndi mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 50, ndipo afunse mafuta amenewa kuchipatala. Nanga ife, tilipirenji ndalama kuti tichotse chimene anzathu achisowa?

Pomaliza, nawa malangizo amene tinatola m'miyezi isanu ija. Musagule chodzola chopanda dzina la wopanga, mndandanda wa zam'kati ndi tsiku lothera mphamvu, kapena chopimidwa m'kabotolo kena. Pa zopangidwa m'Malawi, yang'anani chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972. Ngati simutha kuwerenga zolembedwazo, pitani nazo kwa mphunzitsi kapena kwa wa zaumoyo, pakuti safunsa anadya phula. Chinthu chatsopano muyambe mwapaka m'kati mwa chigongono masiku angapo. Pakafiira kapena kuyabwa, chisafike pankhope. Ziphuphu musafinye, chifukwa pa khungu lakuda kufinya ndiko kusiya mawanga. Mphere ndi chipere ndi nthenda, zofuna mankhwala a kuchipatala, osati zodzola. Ndipo chilichonse cholonjeza kukuyeretsani m'masiku 7, chisiyeni pomwepo.

Chiweruzo changa ndi ichi. Sopo wofatsa, Vaseline kapena mafuta a nsatsi, ndi kabotolo ka glycerine zikwanira nyumba yonse, ndipo mtengo wake pamodzi suposa wa timachubu tija timene mwana wa mlongo wanga anagula mwezi ndi mwezi. Paudala, pensulo ndi zopaka pamilomo nza tsiku la chikondwerero, mukapeza zoyenera khungu lanu. Mafuta oyeretsa ndiwatsutsa konse. Inu amayi ndi azakhali, yang'anani m'matumba a ana anu, ndipo mukapeza kachubu kotere musakalipe, koma pitani naye mwanayo kuchipatala. Mwana wa mlongo wanga ndiye anandipempha kuti ndilembe izi, nati, "Azakhali, auzeni anzanga asanafike pamene ndafika ine."