Za Lamya ya Mabatani ndi Mayesedwe Ache

Pakutha pa masika ndinalowa m'sitolo ina ya mumzinda kukagulira amai anga lamya ya m'manja, imene anthu a makono aitcha foni. Amaiwo akalamba, maso ao achita chidima, ndi khutu limodzi silimvetsa. Ndipo chimene afuna pa lamya ndicho chimodzi chokha, kumva mau a ana ao okhala kutali ndi kuwayankha. Mnyamata wa m'sitolomo anandiyalira timalamya ta mabatani tambirimbiri, nayamba kutitama. Bambo, anatero, aka kalandira makadi atatu, aka kali ndi kamera, koma aka kafuula koposa wailesi. Ndinatenga kofuulako, pakuti ndinati mumtima mwanga, Wogontha afuna chofuula. Ndinalakwa, ndipo kulakwa kwangako ndiko kwandilembetsa mau awa.

Pakuti taonani, lamya zambiri za mtundu umenewu ziri ndi poturukira mau pawiri. Pena pali kumbuyo, ndipo ntchito yache ndiyo kulira munthu akaitana, ndi kuimba nyimbo. Pena pali pamwamba, kamng'alu kakang'ono, ndipo mpamene munthu aika khutu lache. Ogulitsa aonetsa pakumbuyopo chifukwa ndipo pakopa anthu pamsika, koma za pakhutupo sanena kanthu. Kalamya kanga, kamene kanalibe dzina lodziwika, kakalira nkhuku za pabwalo zinabalalika; koma amai pokaika kukhutu anamva ngati udzudzu uli kulira m'chipanda. Chotero mdzukulu wao anawaphunzitsa kutsegula mau akumbuyo aja, ndipo kuyambira tsiku lomwelo nkhani iri yonse ya pabanja pathu, ya ndalama, ya matenda, ngakhale ya ukwati wa mlongo wanga umene unali kugwedezeka, inamveka kufikira pakhonde pa anansi. Ifenso kuno tinamva amai ngati alankhulira mumtsuko, popeza kabowo kolandira mau ao kanali kachabe. Ndipo batire, limene pabokosi linalembedwa ndi chiwerengero chachikuru, linafa tsiku lachiwiri. Ndipo kwathuko kokatchajitsa ndi ulendo wa ora lathunthu, kukalipiranso.

Makolo athu potuma mthenga kumudzi wina sanayang'ana nsaru zache kapena kukula kwa mau ache iai. Anafuna munthu wosalema panjira, wofikitsa mau monga anawalandira, nawanena kwa mwini wache yekha, osati kwa khamu la pachitsime. Muyeso womwewo uyenera lamya yolankhulira, ndipo ndi muyeso umenewu ndifuna kuyesa zimene ziri m'masitolo lero, poziyerekeza ndi imodzi imene ambiri a inu munaigwira m'manja.

Ndinena Nokia 1100. Kampani ya Nokia, ya ku Finland, inaiturutsa m'chaka cha 2003, ndipo zinagulidwa zoposa 250 miliyoni. Ndipo pamene kampaniyo inakwanitsa kugulitsa lamya biliyoni imodzi, m'chaka cha 2005, yokwaniritsa chiwerengerocho inali Nokia 1100 yogulidwa ku Nigeria. Amene anaikonza anaganizira munthu wokhala pafumbi, wa manja a thukuta, wopanda magetsi m'nyumba. Mabatani ache anawaumba pachikopa chimodzi chofewa kuti fumbi lisapeze polowera. M'mbali anaikamo timizere kuti isapulumuke m'manja. Pamwamba anaikapo tochi. Wina angayese tochiyo choseweretsa, koma kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi nyumba zounikira ndi magetsi zinali ngati 11 pa nyumba 100 ziri zonse, ndipo amene anaturukapo usiku kukaona chosokosa m'khola adziwa mtengo wa kanyali kotere.

Chondizizwitsa koposa ndi batire lache. Linalembedwa 850 mAh chabe, pamene timabokosi tina ta lero tilemba 2,500. Koma eni ache ananena kuti lamyayo ikhoza kudikira maora 400 osatchaja, ndiwo masiku opitirira 16. Inde, chiwerengero cha wopanga sichikwanira chonse m'manja mwa munthu wolankhula tsiku ndi tsiku, koma sabata lathunthu yanga inalitha kosavuta. Chinsinsi chache sichinali m'kukula kwa nkhokwe, koma m'kuchepa kwa akudya. Galasi lache linalibe mitundu, munalibe kamera, munalibe kanthu kena kokudya moto pachabe. Ndipo ichi ndicho ndiitamira lamyayo: anthu amene anaipanga anadziwa chokana. Sanamyesa wosauka ngati mwana wonyengeka ndi mkanda wonyezimira, koma anamchitira ulemu, namgulitsa chinthu chimene ndalama yache yonse inalowa m'ntchito imene anachigulira.

Koma sindiitama mopitirira. Malemba ache anali aang'ono, osayenera maso a nkhalamba, munalibe wailesi, inalandira kadi limodzi lokha, ndipo chotchajira chache chinali cha kamsomali kachekache, kotero kuti chikatayika sunakhoza kubwereka cha mnzako wa lamya ya mtundu wina. Ndiponso analeka kuipanga kalekale. Munthu akakuonetsani lero Nokia 1100 yonyezimira, nati ndi yatsopano, dziwani kuti ndi yakale yobvekedwa malaya atsopano, kapena ndi yonyenga yobvala dzina la eni.

Nanga zimene zinalowa m'malo mwache? Nokia 105 inafika m'chaka cha 2013, ya mtengo ngati madola 20, iri ndi wailesi ndi tochi, ndipo inayenda m'mapazi a mkuru wache bwino ndithu. Koma m'chaka cha 2014 Nokia inagulitsa ntchito yache ya lamya kwa Microsoft, ndipo m'chaka cha 2016 dzinalo linabwerekedwa kwa kampani ina ya ku Finland yotchedwa HMD. Chotero dzina lolembedwa pamphumi pa lamya silinena kuti manja oipanga ndi omwe aja a kale. M'zaka zomwezo kampani ya Transsion, ya ku Shenzhen m'dziko la China, mwini wa Tecno ndi itel, inafulumira kuona chimene akuru ena anachedwa kuchisamala, kuti munthu wa ku Africa ayenda ndi makadi awiri. Pamenepa ndiwapatsa ulemu wao. Kuno tiri ndi TNM ndi Airtel. Pali zigwa pamene wina afika ndi mnzache osafika, ndipo kawirikawiri kuimbira munthu wa kampani yako yomwe kuchepa mtengo. Ndalamanso ziyenda pamabatani omwewo popanda intaneti, Mpamba pa *444# ndi Airtel Money pa *211#, ndipo nkhalamba imene ana ache atumiza mbali zonse ziwiri ipindula ndi malo awiri a makadi.

Koma malo achitatu aja ndi a yani? Ndipo kamera ija, imene ijambula nkhope ya munthu ngati utsi, ithandiza chiani? Apa ndipo pali mlandu wanga ndi timalamya topanda dzina timene tadzaza misika. Mtengo wa kalamya kotchipa uli ngati ufa wa m'lichero limodzi: ukatapako kupangira kamera ndi chofuulira nyimbo, uchepa wa pakhutu ndi wa pakamwa, ndizo ziwalo zimene wogula sakhoza kuziona ndi maso m'sitolo. Opangawo adziwa kuti chiwerengero cholembedwa pabokosi chigulitsa, koma kumveka bwino kwa mau kulibe chiwerengero chokopa nacho munthu. Akuru anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma mkuyu sulemba pakhungu pache kuti mulibe nyerere, pamene timabokosi iti tilemba.

Pali chinthu chinanso choyenera kufunsa. Lamya zotchipitsitsa zambiri zilankhula panjira yakale yokha yotchedwa 2G, imene inayamba ku Finland m'chaka cha 1991. Maiko ena aitseka kale, monga Singapore m'chaka cha 2017, ndipo makampani a ku Britain anapangana kuileka pofika 2033. Amene agula lamya yopita nayo kunja, kapena afuna ikhalitse zaka zambiri, afunse ya mabatani yodziwanso 4G, angakhale aonjezepo ndalama pang'ono.

Ndinabwerera kumzinda, ndinalowa m'sitolo ina, nditatenga kadi langa ndi mnzanga mmodzi. Lamya iri yonse ndinayamba ndaisindikiza *#06#, kuti ionetse nambala yache ya manambala 15, ndi kuona ngati ilingana ndi yolembedwa pabokosi. Imodzi sinalingane, ndipo ndinaibweza osanena zambiri. Pamenepo mnzangayo anakaima kunja pamseu, pakati pa phokoso la magalimoto, ndipo ndinamuimbira pa iri yonse, nditaika kukhutu, tisinthana kulankhula monong'ona. Mwini sitolo ananyinyirika, nati, Achikulire, ena agula osachita zonsezi, koma anandilola. Yachinai ndiyo ndinatenga, yosakongola, yopanda kamera, ya manambala akuruakuru ndi malo awiri a makadi. Ndinaikonza kuti amai akasindikiza 2 nthawi yaitali andipeze ine, akasindikiza 3 apeze mlongo wanga.

Loweruka lapitalo inalira yanga mamawa. Ndinati, Amai, ndiri ndi mau a mlamu wanu uja, koma kodi pali anthu pamenepo? Anati, Ndiri pakhonde ndi anzanga tiri kutongola chimanga, koma nena mwanawe, ndikumva ndekha.