Woimba Amasulidwira Kwawo: Banjo, Kwaya ya Pasukulu ndi Kaimbidwe ka Balaka

Mukafunsa oimba amene anagwedeza Malawi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kumene anaphunzira ntchito yawo, ochepa okha ndiwo angatchule sukulu ya zoimbaimba. Ambiri amakumbuka kwaya ya kupulayimale, gulu la achinyamata la kutchalitchi, kapena kabandi ka anyamata a m'mudzi koimba pamsika anthu n'kumaponya makobidi m'mbale. Atolankhani timakonda kuisimba nkhaniyi ngati ya umphawi: mnyamata analibe gitala, anapanga yake, mapeto ake anatchuka. Potero timaphonya mfundo ya luso. Malo amenewo ankaphunzitsa zinthu zenizeni, zomveka m'nyimbo mpaka lero, ndipo chachikulu mwa izo ndi khutu lomvera mnzako uku nawenso ukuimba.

Tiyambe ndi banjo. Mnyamata ankapeza chigubu cha mafuta kapena kachitini kokutira ndi chikopa cha mbuzi, n'kusema mtengo, n'kukungapo nsambo zosomola ku waya wa mabuleki a njinga. Chida chotere sichisunga liwu. Ukakhudza nsambo imalira kamodzi n'kuzimiratu, ndiye dzanja lamanja siliyenera kupuma, apo ayi nyimbo ichita mabowo. Kuperewera kumeneku ndiko kunabala kaimbidwe kothamanga, kouma, kokhala ngati kokazinga chimanga, komwe timamva mwa Allan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu River Jazz Band. Namoko, yemwe anali wosaona ndipo anamwalira mu 1995, ankaigwiritsa banjo ntchito ziwiri pakamodzi: kuyendetsa nyimbo ndi kugunda ngati ng'oma. Wophunzira pa chida chimenechi amayamba wadziwa kusunga nthawi, zokometsera zimabwera pambuyo.

Babatoni imaphunzitsa china. Ili ndi nsambo imodzi yaitali yokungidwa pa ng'oma yachikopa. Woimba amaimenya ndi kamtengo uku dzanja lina likuyendetsa botolo pansamboyo. Palibe tizitsulo tosonyeza pogwira monga pagitala. Ukasuntha botolo pang'ono mopitirira, liwu lasokonekera, ndipo palibe angakuuze kupatula khutu lako. Onjezanipo ng'oma yogundidwa ndi phazi ndi zitsekerero za mabotolo zotungidwa pawaya, bandi yakwana. M'gulu lotere aliyense amaonekera: wina akachedwa, onse amatsimphina.

Kuti zimenezi n'zoganiziridwa bwino, umboni wake ndi abale a Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Daniel ndi Donald anatola kaimbidwe ka kwela ka ku South Africa banja lawo likukhala ku Salisbury, ndipo pamene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967, Donald anali akadali mnyamata wa msinkhu wa sukulu. Chitoliro chachitsulo ankachilowetsa m'kamwa mopendekera, mozamirapo, kuti liwu lituluke lonenepa ndi lotha kupindika. Pagitala ankachotsapo nsambo imodzi, kutsala zisanu, kuti zala zigwire mogwirizana ndi kayendedwe ka magule a sinjonjo ndi simanjemanje. Awa sanali anthu olephera kutsatira buku. Ankasintha chida kuti chinene zimene iwo akumva.

Sukulu inkapereka mbali ina. Pafupifupi paliponse pankapezeka mphunzitsi mmodzi wokonda nyimbo, amene ana akaweruka ankatsala nawo, kulemba do, re, mi pabolodi ndi kuwagawa panayi: sopulano, aluto, tena ndi besi. Kunena zoona, ambiri tinkangoyang'ana pabolodipo mwamwambo, nyimbo tinkailoweza ndi khutu. Komabe phunziro linali lalikulu. Woimba aluto amayenera kugwira mzere wake pamene mnzake pambali akukokera kwina, osatengeka naye, komanso osamukwirira. Nyimbo ya fuko ya Michael Sauka, yoimbidwa pa asembule m'mawa, inazolowetsa mibadwo ya ana kumva mawu akugwirizana asanadziwe n'komwe dzina la zimene akuchita. Kwaya inalinso ndi chilema chake. Nyimbo zambiri zinali zakunja zongovekedwa mawu a Chichewa, moti kukwera ndi kutsika kwa nyimbo kunkalimbana ndi mmene timayankhulira. Woimba banjo vutoli analibe, chifukwa nyimbo yake inkatsatira pakamwa.

Mitsinje iwiriyi inakumana ku Balaka. Alleluya Band inayamba mu 1978 pakati pa achinyamata a parishi ya Katolika, motsogozedwa ndi Paul Banda ndi mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a ku Italy. Mng'ono wa Paul, Lucius Banda, analowamo ali ndi zaka za sukulu, nakulira m'manja mwa mkulu wakeyo. Mvetserani bwino zomwe zinadzatchedwa rege ya Balaka. Kugunda kwake n'kwa ku Jamaica koma kofewetsedwa, kiyibodi imayala pansi ngati limba la m'tchalitchi, ndipo wotsogolera akaponya mzere, ovomera amaulandira m'mawu awiri kapena atatu monga m'kwaya. Koposa zonse, mawu a nyimbo amakhala patsogolo, omveka lililonse. Ndi khalidwe la munthu wozolowera kuimbira mpingo ndi makolo pa tsiku lotsekera sukulu, kumene gogo wokhala kumbuyo akapanda kumva uthenga ndiye kuti walephera. Pamene Lucius anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man mu 1994, chaka chimene dziko linasintha ulamuliro, kumveka bwino kwa mawuko kunasanduka mphamvu yandale. Anthu ankatha kubwereza zomwe amva mu minibasi.

Balaka inali sukulu yeniyeni. Studio ya Paul Banda ya Imbirani Yahwe, ndipo kenako Zembani Band ya Lucius, zinasula Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi ena ambiri. Mnyamata ankayamba ndi kunyamula masipika, n'kufika povomera kumbuyo, pomaliza n'kupatsidwa nyimbo imodzi kuti atsogolere. Koma tisakometse zonse. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, matepi ambiri ankamveka ngati obadwa kwa mayi mmodzi: makodi atatu omwewo, ng'oma za m'makina zosasintha liwiro, malipenga a pakiyibodi olira mofanana. Khutu lophunzitsidwa kugwirizana ndi anzake linayamba kuopa kusiyana nawo. Choperewera chinali ukali wa banjo, dzanja lija losapuma.

Lero studio ndi kompyuta m'chipinda chogona. Ubwino wake ngwosakanika: mtsikana wa Fomu 3 ku Ndirande kapena ku Mchesi atha kujambula nyimbo Loweruka, Lolemba ili pa WhatsApp. Koma njira yake njosiyana. Wokonza nyimbo amapanga kugunda yekha, woimba amabwera kudzaikapo mawu mzere ndi mzere, polakwika makina akonza. Munthu atha kutchuka asanaimepo ndi anzake anayi n'kuimba nyimbo kuyambira poyamba mpaka pothera. Zimaululika pa siteji. Mpweya umamuthera pakati pa vesi, kiyi imamuthawa, ndipo bandi ikatalikitsa gawo lovinitsa anthu, iye sadziwa polowera. Yerekezani ndi Black Missionaries a ku Chileka komweko, amene chimwalirireni mtsogoleri wawo Evison Matafale mu 2001 akhala akuimba usiku wonse m'maboma ndi zida zenizeni. Kapena Madalitso Band: Yobu Maligwa pa babatoni, Yosefe Kalekeni pa gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma ya kuphazi. Anakhwimira m'misewu ya Lilongwe, ndipo atakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, zitseko za ku Ulaya zinatseguka. Anthu awiri okha, koma akamathamangitsa nyimbo amathamangira limodzi osayang'anana, chifukwa akhala akumverana zaka zambiri.

Nanga sukulu ili pati? Maphunziro aulere a 1994 anadzaza makalasi, ndipo mphunzitsi wotopa ndi khamu la ana sangatsalenso masana kuti aimbitse kwaya. Nyimbo zinalowetsedwa m'phunziro la Expressive Arts, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB zimafunsidwa papepala. Mwana amatha kulemba kuti kaligo ali m'gulu la zida za nsambo, n'kukhoza, asanamumvepo akulira. Alipo malo ophunzitsa mozama, monga Music Crossroads ku Area 23 ku Lilongwe ndi University of Malawi ku Zomba, koma amalandira ochepa, ndiponso ofika kumeneko khutu lawo limakhala litaumbidwa kale, bwino kapena moipa. M'mera mpoyamba.

Chofunika sichodula. Mphunzitsi wamkulu apatule masana amodzi pamlungu, aitane mkulu wa m'mudzi wodziwa kusema banjo ndi kukunga babatoni, ana apange zida zawo. Oimba kwaya ndi oimba banjo aziikidwa pa nyimbo imodzi, kuti ena aphunzire kugwira mzere, ena kusunga nthawi. Mipingo yokhala ndi kiyibodi ndi magitala isamatsekere zidazo m'kabati kudikira Lamulungu. Ndipo okonza zisangalalo za pasukulu ndi za m'madera aike lamulo loti wokwera pa siteji aimbe ndi anzake, osati motsatira nyimbo yojambulidwa kale. Kompyuta ana adzaiphunzira okha, sadikira kuuzidwa. Kumverana ndiko kumafuna anthu, malo ndi nthawi, ndipo zimenezo ndi akuluakulu angazipereke.