Za Mafupa a ku Karonga ndi Maphunzitsidwe Ace

Ana athu alikubwera ku sukulu masiku ano ndi mbiri ya cirombo cochedwa Malawisaurus, cimene cifanizo ca mafupa ace caimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga, yotsegulidwa m'caka ca 2004. Anena kuti cinakhala ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Akuru akafunsa kuti, Anaziwerenga ndani zakazo? mwana angoti, Atero aphunzitsi. Pomwepo ena aseka, ena akhumudwa, ndipo mwana aphunzira kukhala cete pamaso pa akuru ace.

Mlandu tiupeza pa maphunzitsidwe. Pa bwalo la mfumu munthu sapambana ndi kuchula ciweruzo cokha. Abwere nazo mboni. Koma phunziro ili lipatsa mwana ciwerengero, nilibisa mboni zace, zimene sizibvuta kuzimva konse.

Yense wa pano pa Mtengowanthenga adziwa dzala, kuti phulusa la caka catha ligona pansi pa phulusa la lero. Momwemonso mcenga ndi matope zimene mtsinje uyala caka ndi caka: muyalo wapansi ndiwo woyamba kubadwa. Pfupa likakwiririka msanga m'menemo, madzi a m'nthaka alilowa pang'ono pang'ono, nasiyamo miyala yosungunuka, kufikira lisanduka mwala. Lamulo la miyaloli analilemba Nicolas Steno m'caka ca 1669, yemweyo amene anadzakhala bishopu m'caka ca 1677. Ticula ici cifukwa ca iwo akuyesa kuti kufunsa miyala ndiko kunyoza Mlengi. Pambuyo pace William Smith, woyesa ngalande ku England, anaona kuti muyalo uli wonse uli ndi zamoyo zace zace zosanduka mwala, nalemba mapu ace m'caka ca 1815.

Komatu zimenezi zinena wamkuru ndi wamng'ono cabe, sizichula zaka. Apa ndipo phunziro lipunduka, pakuti timva kawiri kawiri kuti mafupa a cirombo anayesedwa ndi carbon. Iai, si coona. Carbon-14 atha theka lace pa zaka 5,730, ndipo zikapita zaka ngati 50,000 sipatsala kanthu kakuyesa. Ayenera makala a m'mapanga, monga phanga la Chencherere ku Dedza limene Desmond Clark anakumba m'caka ca 1972. Zakale koposa ziyesedwa ndi phulusa la mapiri ophulika moto, m'mene potassium asanduka argon mocedwa, theka lace pa zaka ngati 1,250 miliyoni. Pfupa lopezeka pakati pa miyalo iwiri ya phulusa lotere lakhala ngati munthu wobadwa pakati pa njala ziwiri zodziwika zaka zace.

Nanga kumene kulibe phulusalo? Taonani nchito inacitika ku Uraha, m'boma la Karonga lomwelo. M'caka ca 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linatola nsagwada ya munthu wakale wochedwa Homo rudolfensis. Miyalo ya Chiwondo, m'mene inagona, iribe phulusa loyenera kuyesa. Tsono anatenga mano a nguluwe zakale ndi a nyama zina zopezeka pamodzi nayo, nawalinganiza ndi mano a ku Ethiopia ndi ku Kenya, kumene phulusa linayesedwa kale. Pakuti mano akumapeto a nguluwezo ananka natalika mbadwo ndi mbadwo, ndipo kutalika kwao kuonetsa nyengo yao. Potero anati nsagwadayo iri ndi zaka za pakati pa 2.3 ndi 2.5 miliyoni. Onani mau awo akuti pakati pa. Eni nchito anena malire awiri, koma m'kamwa mwa mwana mutsala ciwerengero cimodzi couma, ngati tsiku la pa kalata ya ubatizo. Zaka za Malawisaurus nazonso zidziwika mwa kulinganiza kotere, ndipo odziwa miyala sanaleke kukambirana malire ace.

Ngakhale dzina lace linakonzedwa. Mafupa amene Frank Dixey anapeza, Sidney Haughton anawacha Gigantosaurus dixeyi m'caka ca 1928. M'caka ca 1993 Louis Jacobs ndi anzace anaona kuti ndi mtundu wina, naupatsa dzina la dziko lathu. Mmodzi wa iwo ndiye Elizabeth Gomani, mwana wa m'dziko muno, amene m'caka ca 2005 anachanso cina dzina lakuti Karongasaurus. Atsikana athu akadayenera kumva dzina limeneli.

Cotidandaulitsa koposa ndi ici, kuti phunziro lithera ku Karonga, ndipo mwana ayesa kuti kwao kulibe nkhani. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi alibe mafupa otere, si cifukwa ca ubwana iai, koma ukuru. Miyala yace iposa zaka 500 miliyoni, ndipo inapsa ndi kupsinjika pansi pa dziko, kotero kuti kanthu kamoyo sikakadasiyamo cizindikiro. Mwana akaona mizere yoyera ndi yakuda pa thanthwe la kwao, adzayesa kuti ndiyo miyalo ya zaka monga ya pa dzala, pokhala palibe womuuza kuti mizereyo inalembedwa ndi kutentha ndi kulemera kwa miyala inali pamwamba pace, imene mvula ndi mitsinje zinaicotsa kale.