Dzina la Munda, Dzina la pa Paketi ndi Dzina la Mwini: Chitsanzo cha Tiyi wa ku Thyolo

Pali ganizo lofala lakuti dzina la katundu limatiuza kumene katunduyo wachokera ndiponso mwini wake. Ife tikuona kuti ganizoli ndi lopereŵera, ndipo umboni wathu ndi tiyi wa ku Thyolo.

Maina a minda monga Satemwa, Makandi ndi Naming'omba amamveka akwathu, koma sanena kanthu za eni ake. Munda wa Satemwa anauyambitsa ndi Maclean Kay m'chaka cha 1923, ndipo wa Makandi unagulidwa ndi kampani ya Dhunseri ya ku India mu 2012. Mwini amasintha, dzina nkukhala lomwelo.

Tiyi akagulitsidwa pa okishoni ku Limbe, wambiri amakasakanizidwa kunja ndi wa maiko ena nkupatsidwa dzina latsopano. Apa dzina la munda limazimirira. Maina a pa paketi nawonso amasokeretsa: wogula wa ku London angayese kuti Lipton ndi PG Tips ndi opikisana, pamene onse aŵiri anali a Unilever mpaka 2022, ndipo anagulitsidwira limodzi.

Choncho wofufuza za maina ayenera kusiyanitsa zinthu zitatu: dzina la malo, dzina lotsatsira malonda ndi dzina la mwini. Akaziphatikiza, adzalephera kulondola njira yochokera pa kapu ya tiyi kukafika kwa mayi wothyola masamba m'mamaŵa ku Thyolo. Ndipo njirayo ikasoŵa, funso lakuti amene ayenera kuyankha za malipiro a mayiyo ndani limasoŵanso poyambira.